Kodi nyumba yosamalira okalamba yabwino timaizindikira bwanji?

Mayi Nankhoma: Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene munagwirapo ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena amene makolo anu akukhala m'nyumba zoterezi. Mayi athu afika poti sangathenso kukhala okha, ndipo madokotala atiuza kuti akufunika wowayang'anira usana ndi usiku, zimene ife ana awo sitingakwanitse ngakhale titasinthana bwanji. Nyumba zonse zimene taziyendera zili ndi chiphaso chopachikidwa pakhoma, zonse zimakhala zosesedwa bwino pa nthawi ya alendo, ndipo oyang'anira ake amalankhula mawu ofanana onena za chikondi ndi ulemu. Kodi miyezo ya chisamaliro ndi chitetezo imene nyumbazi zimati zimatsata ndi yotani kwenikweni, nanga munthu wamba amene si namwino angadziwe bwanji kuti ikutsatidwadi alendo akachoka?

Bambo Mbewe: Mayi, pepani ndi matenda a mayi athu. Miyezo imeneyi imasiyana dziko ndi dziko, koma phata lake ndi limodzi. M'chaka cha 1991 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zokhudza anthu okalamba, ndipo imodzi mwa mfundozo imanena mosabisa kuti munthu amene akukhala m'malo osamalirako anthu sataya ufulu wake, ndiponso kuti ulemu wake, chikhulupiriro chake, zinsinsi zake ndi mphamvu yosankha za chisamaliro chake ziyenera kulemekezedwa. Ku England kuli bungwe la Care Quality Commission, limene linayamba ntchito mu 2009, ndipo oyendera ake amafunsa mafunso asanu: ngati anthu ali otetezeka, ngati chisamaliro chikuwathandizadi, ngati ogwira ntchito ali achifundo, ngati nyumbayo imamva zosowa za munthu aliyense payekha, ndiponso ngati utsogoleri wake uli wabwino. Akatero amaipatsa nyumbayo giredi, ndipo lipoti amaliika pa intaneti kuti aliyense aliwerenge. Ku America lamulo la 1987 linapatsa okhala m'nyumbazi ufulu wosamangidwa kapena kupatsidwa mankhwala ofooketsa pofuna kuwalanga kapena kupeputsa ntchito ya owasamalira. Ku South Africa lamulo la okalamba la 2006 limaletsa kuyendetsa nyumba yotere popanda kuilembetsa ku boma.

Kulikonse kumene muli, pemphani lipoti la oyendera lomaliza, muone tsiku limene linalembedwa, ndipo mufunse ngati oyenderawo anabwera mwadzidzidzi kapena anachita kupanganiratu tsiku. Woyang'anira amene ayamba kuzungulirazungulira mukapempha lipotilo wakuyankhani kale.

Anamwino Nyirenda: Zimene anena bambo Mbewe n'zoona, koma ine ndagwira ntchito ya unamwino m'nyumba zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna kukuuzani kuti miyezo yonse imene ili papepala imaima kapena kugwa pa chinthu chimodzi, chimene ndi chiwerengero cha anthu ogwira ntchito usiku ndi nthawi imene ali nayo pa munthu aliyense. Masana nyumba iliyonse imaoneka yabwino chifukwa abwana alipo, ophika alipo, okolopa alipo. Cha m'ma 3 koloko usiku m'pamene agogo amene sangathe kudzitembenuza amafuna kutembenuzidwa, amene anyowetsa zofunda amafuna kusinthidwa, ndipo amene asokonezeka mutu amadzuka n'kuyamba kufunafuna chitseko.

Chizindikiro chimene sichinama ndi zilonda za pabedi. Munthu akagona mbali imodzi kwa nthawi yaitali, magazi safika bwino pa malo amene fupa likutsamira, makamaka kunsi kwa msana, m'chiuno ndi pa zidendene. Poyamba khungu limangosintha mtundu n'kutentha kapena kulimba, ndipo kwa anthu akhungu lakuda kusinthaku sikuoneka msanga, n'chifukwa chake wosamalira ayenera kukhudza ndi dzanja, osangoyang'ana ndi maso. Pakapita masiku ochepa khungu limasupuka, ndipo likanyalanyazidwa chilonda chimakumba mpaka pafupa n'kulowetsa tizilombo m'magazi. Zilonda zambiri zoterezi zimapeweka potembenuza munthu pafupipafupi, pomuumitsa bwino akamusambitsa, pomudyetsa mokwanira ndi pomugoneka pa matiresi oyenera. Anamwino ali ndi njira zoyezera amene ali pachiopsezo, monga sikelo ya Braden kapena ya Waterlow, ndipo nyumba yabwino imamuyeza munthu tsiku lomwe wafika.

Mukapita kukayendera, mayi, musataye nthawi ndi maluwa a pabwalo. Lowani m'chipinda cha munthu amene sadzuka, ngati iye ndi abale ake akulolani, muone pamene pali kapu ya madzi. Ndaonapo kambirimbiri kapu itadzazidwa bwino koma itaikidwa patebulo limene dzanja la mwiniwake silingafike, ndipo chingwe cha belu loitanira thandizo chitakolekedwa kuseri kwa bedi. Yang'ananinso pepala lolembapo nthawi imene munthu watembenuzidwa. Likakhala kuti mizere yonse ya usiku yalembedwa ndi cholembera chimodzi, mwaukhondo, nthawi zake zikugwera ndendende pa ola, kawirikawiri limakhala kuti ladzazidwa m'mawa shifiti ikutha. Pepala loona limakhala ndi mphindi zosalongosoka ndi zolemba za anthu osiyanasiyana.

Mayi Nankhoma: Zikomo kwambiri anamwino athu. Nanga chiwerengero choyenera cha ogwira ntchito ndi chotani, kuti ndikafunsa ndidziwe ngati yankho lawo lili lokwanira?

Bambo Mbewe: Mayiko ambiri sanaike nambala yeniyeni, malamulo awo amangonena kuti ogwira ntchito akhale okwanira, ndipo mpata umenewu ndi umene eni nyumba ena amadutsirapo. Dziko la Australia linaphunzira movutika. Boma linakhazikitsa komiti yaikulu yofufuza za chisamaliro cha okalamba mu 2018, ndipo lipoti lake lomaliza la 2021 linapereka malangizo 148. Kuchokera mu July 2023 nyumba iliyonse kumeneko iyenera kukhala ndi namwino wovomerezeka pamalopo maola 24 tsiku lililonse, ndipo kuchokera mu October 2023 anaika mulingo wapakati wa mphindi 200 za chisamaliro pa munthu patsiku, 40 mwa izo zochokera kwa namwino wovomerezeka, kenako mu October 2024 anakweza kufika pa mphindi 215 ndi 44. Sindikunena kuti manambala amenewa ndi oyenera paliponse, chifukwa nyumba ya anthu oyenda okha singafanane ndi ya anthu ogonekera, koma akukupatsani poyambira. Funsani kuti usiku pamakhala anthu angati ogwira ntchito pa okalamba angati, ndiponso kuti chimachitika n'chiyani mmodzi akadwala osabwera.

Achimwene Gondwe: Ndine mmodzi wa osamalira amene mukuwakambawa, ndipo ndikupempha kuti mutimvereko mbali yathu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti pa ogwira ntchito atatu alionse a m'malo osamalirako okalamba, awiri anavomera okha kuti anachitirapo nkhanza wokalamba m'chaka chimene chinali chitangotha. Chiwerengero chimenechi chimandipweteka mtima, koma sindikuchitsutsa. Nkhanza zambiri si zomenya ayi, ndi zokalipa, zonyalanyaza belu, zodyetsa munthu mothamanga mpaka kutsamwa, zomusiya m'thewera lonyowa chifukwa pali ena khumi amene akudikira. Sindikuikira kumbuyo aliyense wochita zimenezi, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ukakhala wekha pakati pa anthu ochuluka amene aliyense akufunika anthu awiri kuti amunyamule bwino, umakakamizika kusankha amene adikire, ndipo kusankha kumeneko ukakuchita usiku uliwonse mtima umayamba kuuma osadziwa.

Mayi Nankhoma, funsani osamalira eniakewo, osati abwana okha, kuti akhala pantchitopo kwa nthawi yaitali bwanji. Nyumba imene nkhope zimasintha mwezi ndi mwezi singawadziwe mayi anu, singadziwe kuti akakhala chete ndiye kuti akumva ululu, kapena kuti amameza bwino akakhala tsonga. Funsaninso ngati wantchito watsopano amaphunzitsidwa kanyamulidwe ka munthu ndi kadyetsedwe ka amene amavutika kumeza asanayambe kugwira yekha, ndiponso ngati mbiri yake imafufuzidwa asanalembedwe ntchito.

Mayi Chisale: Achimwene, ndayamikira kuti mwalankhula poyera. Bambo athu anali ndi matenda oiwalaiwala otchedwa dementia, ndipo atalowa m'nyumba ina anali munthu woyendayenda ndi wokonda kucheza, ngakhale nkhani zawo zinali zobwerezabwereza. Pasanapite nthawi tinkawapeza atakhala pampando mutu uli pachifuwa, malovu akutsikira pamalaya, osatha kugwira supuni. Titafunsa anatiuza kuti ndi mmene matendawa amayendera. Mlongo wanga atakakamira kuona mndandanda wa mankhwala m'pamene tinadziwa kuti anawonjezera mankhwala owafooketsa chifukwa ankalowa m'zipinda za anzawo usiku, ndipo palibe amene anatifunsa ife kapena kutidziwitsa. Dokotala wina atawachepetsa pang'onopang'ono, bambo anayambanso kudya okha. Ndikufuna kudziwa ngati zimenezi n'zololedwa.

Anamwino Nyirenda: Mayi Chisale, pepani kwambiri, ndipo yankho ndi lakuti kupereka mankhwala pofuna kuti munthu asavutitse ogwira ntchito ndi kumumanga ndithu, kungoti chingwe chake sichioneka. Mankhwala a matenda a maganizo monga haloperidol ndi risperidone ali ndi ntchito yake, ndipo nthawi zina amafunikadi kwa kanthawi kochepa pamene munthu akuzunzika kwambiri kapena akhoza kudzivulaza, koma kwa okalamba odwala dementia ndi oopsa. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mu 2005 kuti ena mwa mankhwalawa amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa anthu otere, ndipo mu 2008 linafutukula chenjezolo kuti likhudzenso mankhwala akale a gulu lomwelo. Ku Britain lipoti la pulofesa Sube Banerjee la 2009 linayerekezera kuti anthu pafupifupi 180,000 odwala dementia ankapatsidwa mankhwalawa chaka chilichonse, kuti amene ankathandizidwa nawo sankapitirira 36,000, ndiponso kuti ankachititsa imfa zowonjezera pafupifupi 1,800 pachaka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusakhazikika kwa wokalamba kawirikawiri kumakhala ndi chifukwa chimene chikanapezeka munthu akanafufuza. Amene samwa madzi okwanira amadwala matenda a m'chikhodzodzo, matendawo amamusokoneza mutu, akasokonezeka amayamba kukuwa kapena kuyendayenda, ndipo m'malo momuyeza mkodzo amamupatsa mankhwala ogonetsa, amene amamuchititsa kumwa madzi ochepa koposa kale. Ena amakhala akumva dzino, ena adzimbidwa, ena akungofuna kuchimbudzi koma mawu akuwasowa. Muyezo wabwino umafuna kuti zifukwa zimenezi zifufuzidwe kaye, kuti munthuyo kapena womuimira avomereze, ndiponso kuti dokotala aziunikanso mankhwalawo pafupipafupi ndi cholinga chowasiya.

Bambo Kamanga: Ndikumva zonsezi, komabe ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Tikamalankhula za ufulu tisaiwale kuti kugwa kumapha. World Health Organization imati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri sabwereranso mwakale. Ine ndingasankhe kuti kholo langa likhale ndi zitsulo m'mbali mwa bedi ndi lamba pampando kusiyana n'kuti ndiitanidwe kuti lagwa. Ndingakondenso kuti m'zipinda muikidwe makamera, kuti zimene anena achimwene Gondwe zizioneka.

Anamwino Nyirenda: Bambo Kamanga, mantha anuwo ndikuwamvetsa, ndipo mabanja ambiri amapempha zomwezo chifukwa cha chikondi. Koma zitsulo za m'mbali mwa bedi sizimuletsa munthu wosokonezeka mutu kudzuka, zimangomuchititsa kuzikwera n'kugwa kuchokera pamwamba kwambiri, ndipo alipo amene anafa atapanikizika khosi kapena chifuwa pakati pa chitsulo ndi matiresi. Womangidwa pampando minofu yake imafooka, moti tsiku limene adzaimirire amagwa mosavuta kuposa kale. Njira zimene zimathandizadi ndi bedi lotsika pafupi ndi pansi, nyale yoyaka usiku panjira yopita kuchimbudzi, nsapato zosaterera, magalasi a maso oyenera, zogwirira m'makoma, kulimbitsa miyendo tsiku ndi tsiku, kuunika mankhwala amene amachititsa chizungulire, ndiponso kumuperekeza munthu kuchimbudzi asanafike poyesa kupita yekha. Muona kuti yomalizayi ikutibwezera pa chiwerengero cha ogwira ntchito. Nyumba imene ingakuuzeni kuti kwawo sikugwa munthu, mwina sikulemba zimene zikuchitika, mwina anthu ake sawalola kuyenda. Yabwino imakuonetsani buku la ngozi ndi zimene inasintha munthu atagwa.

Mayi Chisale: Pa nkhani ya makamera ndili pakati. Zoona, nkhanza zina zinadziwika chifukwa cha makamera, koma chipinda chimenecho ndi chimene bambo kapena mayi amavulira ndi kusambitsidwira, ndipo ngati akutha kusankha, chilolezo chiyenera kuchokera kwa iwo, osati kwa ife ana. Kamera imaonetsa choipa chitachitika kale, koma siitembenuza munthu kapena kumumwetsa madzi.

Bambo Tembo: Palibe amene watchula za moto, pamene ndi ngozi imene imatenga miyoyo yambiri nthawi imodzi m'nyumba zoterezi, chifukwa anthu ake sangathawe okha. Mu January 2004 moto unayambira m'kabati chifukwa cha vuto la magetsi pa nyumba ya Rosepark ku Scotland, ndipo okalamba 14 anamwalira. Kafukufuku wa khoti anapeza kuti zitseko za zipinda zina zinali zotsegula moti utsi unalowa mosavuta, ndiponso kuti ogwira ntchito anachedwa kuitana ozimitsa moto ndi mphindi zisanu ndi zinayi chifukwa anayamba ndi kufunafuna pamene motowo unali. Mu January 2014 anthu 32 anafa pa moto wa ku L'Isle-Verte m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo mbali yakale ya nyumbayo, imene inapserathu, inalibe mipope yowaza madzi kuchokera kudenga. Pambuyo pake boma la Quebec linalamula kuti mipope imeneyi iikidwe m'nyumba zambiri za okalamba.

Ngozi zonse ziwirizi zinachitika usiku. Mukamayendera yang'anani ngati zitseko zotchinga utsi zaikidwa kamtengo kapena mpando kuti zisatsekeke, ngati makomo othawira sanatsekedwe ndi loko kapena kuunjikidwa katundu, ndipo mufunse wosamalira wa usiku kuti belu la moto likalira achita chiyani choyamba. Akayankha mosakayika kuti aimbira ozimitsa moto kenako asamutsira anthu kuseri kwa chitseko chotchinga utsi, ndiye kuti anaphunzitsidwa. Funsaninso ngati munthu aliyense ali ndi dongosolo lake lomutulutsira, chifukwa woyenda ndi ndodo ndi wogonekera satulutsidwa mofanana. Gwiraninso madzi a m'bafa, popeza khungu la okalamba limapsa msanga, ndipo malangizo a ku Britain amati madzi osamba asapitirire madigiri 44.

Achimwene Gondwe: Ndiwonjezere za matenda opatsirana. M'chigawo choyamba cha mliri wa COVID-19 mu 2020, anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse amene anamwalira ndi matendawa ku Canada anali okhala m'nyumba zoterezi. Zina mwa zimene zinafalitsa matendawa ndi zipinda zogona anthu ambiri ndiponso ogwira ntchito amene ankagwira m'nyumba zingapo chifukwa malipiro a malo amodzi sankakwanira. Onani ngati pali sopo ndi madzi pafupi ndi zipinda, ngati osamalira amasintha magolovesi akachoka kwa munthu wina kupita kwa wina, ndipo funsani ngati wantchito amene wadwala amalipidwa akakhala kunyumba, chifukwa amene salipidwa amabwera ndi chifuwa chake kuntchito.

Bambo Mbewe: Ndibwerere pa chiphaso chapakhoma chimene mayi Nankhoma anatchula, chifukwa nachonso chimafunika kuchitsimikizira. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng ku South Africa linasamutsa odwala matenda a maganizo kuchokera ku zipatala za Life Esidimeni kupita ku mabungwe ang'onoang'ono pofuna kuchepetsa ndalama, ndipo anthu 144 anamwalira, ambiri chifukwa cha njala, ludzu ndi kusowa chisamaliro. Si onse amene anali okalamba, koma phunziro lake likutikhudza, popeza pulofesa Malegapuru Makgoba, amene anafufuza nkhaniyi, anapeza mu lipoti lake la 2017 kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo ankagwira ntchito ndi ziphaso zosavomerezeka. Lembani nambala ya chiphasocho, mufunse ku ofesi imene inachipereka ngati chikugwirabe ntchito, ndiponso kuti chimalola anthu angati, kenako muyerekeze ndi mabedi amene mwawaona.

Bambo Kamanga: Anamwino, za zitsulozo mwandipatsa zoganizira, ngakhale ndikuonabe kuti kwa munthu amene mutu wake uli bwino ndipo wazipempha yekha kuti azigwirira potembenuka, palibe chifukwa chomukaniza.

Anamwino Nyirenda: Pamenepo tikugwirizana, bambo, malinga ngati zapimidwa bwino ndi matiresi ake ndipo mwiniwake ndiye wasankha.

Mayi Nankhoma: Ndalemba zonsezi, ndipo tipempha kukayenderanso madzulo ndi kumapeto kwa sabata popanda kupangana. Chimene chikundidetsabe nkhawa n'chakuti mayi athu ndi munthu wosadandaula, ndipo ndikuopa kuti ifenso tikamadandaula kwambiri ogwira ntchito adzawakwiyira iwo. Kodi tikawalowetsa tiziwayang'anira bwanji popanda kuyambitsa udani?

Anamwino Nyirenda: Mantha amenewo ali ndi mabanja ambiri, n'chifukwa chake miyezo imafuna kuti nyumba iliyonse ikhale ndi njira yolembedwa yoperekera madandaulo, ndiponso kuti pakhale ofesi yakunja imene mungapiteko mukapanda kukhutira. Pemphani pepala limenelo musanasaine mgwirizano, ndipo muwerenge bwino ndime imene ikunena za zifukwa zimene angamutulutsire munthu. Sabata yoyamba pemphani kukhala nawo polemba dongosolo la chisamaliro cha mayi, iwo eni ali pomwepo, kuti mulowe zimene amakonda, nthawi imene amadzuka ndi ngati akufuna kusambitsidwa ndi mayi mnzawo. Tengani mndandanda wa mankhwala awo onse ndipo mugwirizane kuti akuimbireni lisanasinthidwe lililonse. Ayezedwe kulemera kwa thupi pofika, kenako mwezi uliwonse, chifukwa kuonda kumayamba kuoneka pasikelo zovala zisanayambe kukhwepa.

Mukabwera kudzawaona muzisinthasintha nthawi, muziwadzoza mafuta kumapazi kuti muone zidendene, muziyang'ana m'kamwa ngati muli mouma ndiponso ngati mano oikirira atsukidwa. Dziwani mayina a osamalira a usiku ndipo muziwathokoza akachita bwino, chifukwa iwowo ndi amene adzayambe kukuuzani chinthu chikalakwika. Vuto laling'ono likambeni ndi namwino wa shifitiyo tsiku lomwelo mwaulemu, likabwerezeka lilembeni kwa woyang'anira ndipo musunge kalata yanu ndi yankho lake. Koma mukaona mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, chilonda chimene simunauzidwe, kapena mayi akuchita mantha ndi wantchito wina, musadikire msonkhano wa mwezi wamawa, imbirani ofesi yoyendera nyumbazi kapena apolisi tsiku lomwelo.